Mafunso ndi mayankho: nkhanza kwa anthu a LGBTQ mu zomwe tikuonera pa kanema

Ine ndimakhala ku Luchenza kuno, ntchito yanga ndi yomanga madishi ndi kukonza madikoda, komanso ndili ndi ka vidiyo sho komwe ndakhala ndikuonetsa mpira ndi mafilimu kwa zaka zambiri ndithu. Chisiyireni kuonetsa mafilimu ena ake anthu akhala akundifunsa mafunso, ena mokwiya ena mofuna kumvetsa, pena pa msika pena ndili pamwamba pa denga la munthu ndi sipanala m'manja, nde ndaona kuti bola ndiwayankhe onse pamodzi. Mafunsowa ndawalemba mmene amandifunsira.

Kodi anthu kuno akuonera chani kwenikweni masiku ano?

Zinthu zinasintha abale anga. Ife tinakula nthawi ya Kamuzu kanema kunalibe, TVM inadzayamba mu 1999, ndipo nthawi imeneyo dera lonse limatha kudalira sikirini imodzi kwa aphunzitsi kapena kwa akalaliki a ku esiteti. Pano kuli MBC, Times, Zodiak, Mibawa, Luntha, kuli GOtv, DStv, Azam, ndipo ana a m'tauni ali pa Netflix yomwe inafika kuno mu 2016. Koma kunena zoona, zomwe anthu ambiri amaonera ku Goliati, ku Chisitu, ku Nkando kapena ku Limbuli sizidutsa pa dishi ayi, zimadutsa pa memore ndi pa fulashi. Munthu akalandira za tiyi amapita kobenetsa, amuikira ma series a ku Nigeria, a ku Philippines, a chi India, a karate, ambiri omasuliridwa kale m'Chichewa, nde madzulo ka TV ka sola kayaka banja lonse lili pa mkeka mpaka agogo. Kwinako ndi pa foni, TikTok ndi timavidiyo ta pa WhatsApp, bandulo ikangolowa basi.

Izi ndikuzinena dala chifukwa tikamakamba za kanema ambiri amaganiza za MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi makanema, komanso bungwe loona za mafilimu lija, koma zomwe zimalowa m'nyumba zathu kudzera pa memore palibe amene amaziyang'ana kupatula ife eni ake.

LGBTQ nde chani? Bwanji osangotchula mawu omwe tonse timawadziwa?

Ndi zilembo za Chingerezi zoimira akazi okonda akazi anzawo, amuna okonda amuna anzawo, okonda mbali zonse, ndi ena omwe anabadwa ndi thupi la mwamuna koma amadzimva kuti ndi akazi kapena anabadwa akazi koma amadzimva kuti ndi amuna. Mawu omwe mukuwanenawo ndimawadziwa, ndinakula nawo, koma sindiwalemba pano chifukwa nthawi zonse zomwe ndawamvapo amatuluka pakamwa pa munthu amene akutukwana kapena watola kale mwala.

Chinachitika ndi chani ku sho kwanu kuti mufike posiya mafilimu ena?

Linali tsiku la chiperoni, kunja kukuwaza, anthu adzaza mpaka ena akhala pansi kutsogolo kwa mabenchi. Magetsi anali atathima nde tinali pa jenereta. Ndinaika filimu ya ku West Africa yomasuliridwa, ndinali ndisanaionere ndekha, ndinangoitenga kobenetsa chifukwa anati ikuyenda malonda. Mkatimo munali mnyamata wina woyenda monyang'wa, wolankhula mofewa, ndipo kuyambira pachiyambi ntchito yake inali yoti anthu azimuseka basi. Chakumapeto anyamata a m'mudzimo anamugwira, kumuvula malaya, kumukhwekhwereza pansi ndi kumamumenya ndi zibonga, nyimbo yomwe anaika pansi pake inali yovinitsa, ndipo womasulira uja anawonjezera zake zomwe mu Chingerezimo munalibe, kumakuwa kuti mumalizeni ameneyo, mukonzeni akhale mwamuna. Holo yonse inafa ndi phwete, ana ena mpaka kuimirira pa benchi kumawomba m'manja.

Kumbuyo cha pakhomo kunali mnyamata wina wa zaka mwina 15, amakonda kubwera akamaliza kugulitsa mandasi a mayi ake, wofatsa, ndipo anzake ankamunena kale kuti amayenda ngati mtsikana. Ndinamuona ataweramitsa mutu, atafumbata beseni lake pachifuwa, kenako anadzuka mwakachetechete nkutuluka mu mvula muja filimu isanathe. Zoti kaya mwanayo amakonda amuna anzake kapena ayi sizinandikhudze ndipo sizikundikhudza, chomwe ndinaona ndi chakuti patangopita masiku awiri ndinamva ana pa msika akumukuwiza ndi mawu omwe aja a womasulira, mukonzeni mukonzeni, wina nkumugenda ndi chitsononkho. Mawuwo anatuluka pa sipika yanga, ndi jenereta yanga, ndipo ndalama ya pakhomo ndinalandira ndine. Usiku umenewo sindinagone bwino.

Koma achimwene, imeneyo si filimu chabe? Palibe amene anamenyedwa zenizeni.

Wosewerayo sanamenyedwe, zoona. Koma tonse tikudziwa kuti ana akaonera karate mawa lake akumenyana mateche pa bwalo la sukulu, atsikana akaonera ma series a ku Philippines tsitsi limasintha, olo malankhulidwe a chi Nigeria aja alowa mpaka m'matchalitchi. Nde zingatheke bwanji kuti zonsezi zizituluka mu sikirini koma chipongwe chokha nkumatsalira momwemo? Sindikunena kuti filimu imodzi ingasandutse munthu wabwino kukhala chigawenga ayi. Ndikunena kuti mwana akaona ka 10, ka 20 kuti munthu wa mtundu wakutiwakuti akamamenyedwa akuluakulu amaseka, amaphunzira kuti ameneyu kumumenya si mlandu, ndipo tsiku lomwe gulu ligwire munthu pa siteji iye sathamangira kukaitana akuluakulu, amathamangira kukaonerera.

Nanga si mafilimu a azungu ndi omwe amawakometsa anthu amenewa?

Ambiri amaganiza choncho koma mbiri yake ndi ina. Ku Hollywood kunali malamulo otchedwa Hays Code omwe anagwira ntchito mwamphamvu kuyambira 1934 mpaka 1968, ankaletsa kuonetsa poyera chikondi cha amuna kapena akazi okhaokha, ndipo chilichonse chomwe ankachiona ngati choipa chimayenera kulangidwa filimu isanathe. Nde olemba anazolowera kuti munthu wotere akapezeka mu nkhani, mathero ake akhale imfa, misala kapena akhale chigawenga. Malamulowo anatha koma chizolowezi chinatsala. Mu March 2016 series ya The 100 inapha mtsikana wotchedwa Lexa ndi chipolopolo chosokera atangogwirizana kumene ndi mtsikana mnzake yemwe ankakondana naye, ndipo oonera anakwiya kwambiri chifukwa anali atatopa nazo, akuti nthawi zonse anthu ngati ife tikangosangalala pang'ono mumatipha.

Chitsanzo china ndi series ya Dahmer yomwe Netflix inatulutsa mu September 2022, ndipo ndinaiona ikuyenda m'mamemore kuno. Imeneyi ndi nkhani yoona, Jeffrey Dahmer anapha amuna ndi anyamata 17 pakati pa 1978 ndi 1991, ambiri ku Milwaukee, ndipo ambiri mwa ophedwawo anali akuda kapena a mitundu ina yosakhala azungu. Mu 1991 mnyamata wa zaka 14 anathawa m'nyumba mwake ali wovulala, amayi ena achikuda anaitana apolisi, koma apolisiwo anakhulupirira Dahmer kuti ndi mkangano chabe wa zibwenzi nkumubwezera mwanayo m'manja mwake, ndipo anamupha usiku omwewo. Apa nde pali phunziro lenileni, kuti anthu akamanyansidwa ndi gulu lina safuna nkuyang'anitsitsa komwe. Koma series ija nthawi yambiri kamera ili pa wakuphayo, ubwana wake, maganizo ake, nkhope yake, mpaka achinyamata ena kumamutenga ngati dolo. Achibale ena a ophedwa anadandaula poyera kuti sanafunsidwe ndipo awatsegula mabala, komanso Netflix inachita kuchotsa chizindikiro cha LGBTQ chomwe inaika pa series imeneyi anthu atakwiya. Nde musaganize kuti kunjako anaithetsa nkhaniyi.

Ndiye mukuti nkhanza zimenezi zisamaonetsedwe nkomwe?

Ayi, kubisa nakonso ndi bodza. Nkhanzazi zilipo. Abale athu ambiri a kuno ali ku Joni, afunseni za Eudy Simelane, mtsikana yemwe anasewerapo mu timu ya dziko ya Banyana Banyana, anagwiriridwa ndi kubayidwa mpaka kufa ku KwaThema mu 2008, m'dziko lomwe malamulo ake analola kale maukwati a amuna kapena akazi okhaokha mu 2006. Nkhani ngati imeneyo ikufunika kukambidwa ndipo filimu itha kuikamba bwino.

Chomwe ine ndimayang'ana ndi pomwe kamera yaima. Munthu akamamenyedwa, kodi tikuona nkhope yake kapena tikuona zibonga zokha? Tisanafike pomenyedwapo, kodi tamuona ali ndi mayi ake, ali pa ntchito, akudya nsima, ali ndi dzina, kapena wangobwera kudzatiseketsa nkufa? Nyimbo yomwe aika ndi yachisoni kapena yovina? Akatha kumumenya nkhani imapita kuti, kwa iye ku chipatala ndi kwa abale ake akulira, kapena kwa omenyawo akumwa mowa ngati apambana mpira? Ndipo omenyawo amakumana ndi chilango kapena filimu imawasiya ngati akonza mudzi? Mukayamba kuonera ndi maso amenewa mudabwa kuchuluka kwa mafilimu omwe amakukhazikani mbali ya gulu lomenya musakudziwa.

Izi si za kunja? Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje kulibe zimenezi.

Amene amanena izi mwina anali ana mu 2009. Mu December chaka chimenecho a Tiwonge Chimbalanga ndi a Steven Monjeza anachita chinkhoswe ku Blantyre nkumangidwa, ndipo a Tiwonge, omwe anthu ankawatchula kuti Aunt Tiwo, kwawo ndi ku Thyolo konkuno, si ku London ayi. Mu May 2010 khoti linawagamula zaka 14 akugwira ntchito ya kalavulagaga, patangopita masiku ochepa pulezidenti Bingu wa Mutharika, naye wa ku Thyolo konkuno, anawakhululukira atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations a Ban Ki-moon. Pambuyo pake a Tiwonge anakakhala ku South Africa.

Ine chomwe ndimakumbukira si chigamulo koma mmene tinkaionera nkhaniyo. Anthu ankadzaza ku khoti kukakuwiza, zithunzi zili m'manyuzi tsiku ndi tsiku, m'maminibasi a Limbe kupita ku Muloza nthabwala zinali zomwezo kuchokera pa Bvumbwe mpaka kutsika. Dziko lonse tinaitenga ngati sewero laulere, kuiwala kuti ndi anthu awiri omangidwa unyolo omwe ali ndi abale awo m'midzi yomwe timaidziwa. Mu 2018 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la Malawi momwe anthu a LGBT anafotokoza za kumenyedwa, kuthamangitsidwa m'nyumba za lendi, kunyozedwa kuchipatala, ndi kuopa kukadandaula ku polisi poopa kuti omangidwa akhala iwowo. Mabungwe oteteza ufulu wa anthuwa ngati CEDEP ndi Nyasa Rainbow Alliance ndi a Amalawi anzathu ndipo nkhani zomwe amalandira ndi za konkuno. Kusawaona sikutanthauza kuti kulibe, akubisala chifukwa amamva mmene timasekera.

Lamulo likuti chani? Si zoletsedwa?

Ndizoletsedwa, sindibisa. Mu Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, ndime 153 imapereka mpaka zaka 14 kundende, ndime 156 zaka 5 kwa amuna, ndipo ndime 137A yokhudza akazi inasainidwa mu 2011. Mu 2012 boma la mayi Joyce Banda linanena kuti liyamba laimitsa kumanga anthu pa milandu imeneyi, koma malamulowo sanachotsedwe, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana pempho loti awathetse. Kungowoloka pa Muloza kulowa ku Milange nkhani ndi ina, Mozambique inachotsa milandu imeneyi mu 2015.

Koma mvetsetsani apa, palibe ndime olo imodzi yomwe imapatsa inu kapena ine mphamvu yomenya, kuvula, kugenda kapena kuotcha nyumba ya munthu. Kumenya munthu ndi mlandu, kupha ndi mlandu, kaya womenyedwayo ndi ndani, ndipo ndime 19 ya malamulo oyendetsera dziko imateteza ulemu wa munthu aliyense ndi kuletsa kuzunza. Mafilimu aja amatiphunzitsa kuti gulu ndilo khoti, ndipo tikudziwa komwe maganizo amenewa atifikitsa, ndi omwewa apha agogo athu powanamizira ufiti.

Ine ndine wopemphera, chikhulupiriro changa sichilola. Mukufuna ndisinthe?

Amayi, ine sindikukulandani Baibulo kapena Korani, nanenso Lamulungu ndimapita ku tchalitchi ndipo ndikudziwa zomwe atsogoleri a mipingo ananena pa ulendo wawo wotsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha wa mu July 2023. Zomwe mumakhulupirira pa nkhani ya ukwati ndi zanu. Chomwe ndikupempha ndi chaching'ono kuposa pamenepo, kuti munthu akamakhetsa magazi pa sikirini m'nyumba mwanu musaseke, ndipo mwana wanu akaseka mumufunse kuti chosekesa nchani. Pa Yohane 8 paja anthu anabwera ndi miyala ali ndi lamulo kumbali yawo, koma palibe mwala omwe unaponyedwa.

Chimandiwawa ndi ichi, ndalowa m'nyumba zambiri kukakonza dikoda ndipo ndaona bambo akudumphira rimoti chifukwa amuna awiri agwirana manja, koma bambo omwewo filimu ikamaonetsa munthu akudulidwa ndi chikwanje amangoti ana khalani chete tione. Kodi mwanayo akuphunzira kuti choopsa kwambiri ndi chiti pamenepo?

Nanga ana tiwateteze bwanji?

Pa DStv ndi GOtv pulogalamu ikamayamba pamabwera nambala, 13, 16 kapena 18, ndi zilembo, V ndi nkhanza, L ndi kutukwana, S ndi zogonana, N ndi umaliseche. Dikoda iliyonse ili ndi potsekera ndi PIN, ndimadabwa kuti mwa anthu omwe ndawamangira dishi ndi ochepa kwambiri anandifunsapo za zimenezi, onse amafunsa za mpira basi. Pa Netflix mutha kutsegula mbali ya ana. Koma pa memore palibe nambala palibe chilembo, nde njira ndi imodzi, muyambe mwaionera nokha kapena mukhale nawo pomwepo. Ndipo zikafika pa malo ovuta osangothimitsa ayi, afunseni kuti waona chani, ukuganiza kuti amene uja akumva bwanji, akanakhala mchimwene wako ukanatani. Dziwaninso kuti mwina mwana amene akuonera mwakachetechete pakona ndi amene zikumukhudza, ndipo akuwerenga nkhope yanu kuti adziwe ngati pakhomo pano ali wotetezeka. Mwana amene akuzunzidwa atha kuimba 116, ndi yaulere.

Timavidiyo ta pa WhatsApp toonetsa munthu atagwidwa, kutumizira anzanga kuli ndi vuto?

Kumeneko nde koopsa kuposa filimu chifukwa magazi ake ndi enieni. Munthu wagwidwa, amuvula, akumufunsa mafunso kamera ili pankhope, ndipo pofika madzulo kavidiyoko kafika m'magulu onse, la tchalitchi, la banki m'khonde, la anzathu a ku sekondale. Aliyense wotumiza amati ndikungodziwitsa anzanga, koma akuonjezera anthu omwe amudziwe nkhope munthuyo, landilodi wake, abwana ake, anyamata a pa siteji ya kabaza. Ku Uganda mu October 2010 nyuzipepala ina ya ku Kampala yotchedwa Rolling Stone inasindikiza maina ndi zithunzi za anthu ndi mawu oti apachikidwe, mmodzi mwa iwo anali David Kato, anakasuma nkuwina mlandu, koma mu January 2011 anaphedwa ndi hamala kunyumba kwake. Apolisi ananena kuti chifukwa chake chinali china, komabe anthu omwe nkhope zawo zinatuluka mu nyuzi ija anakhala mwamantha, ena kuthawa m'makomo mwawo. Kuno tili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security lomwe limaletsa kuzunza munthu kudzera pa intaneti. Kakakufikani kafufuteni, ndipo ngati mukumudziwa wotumizayo muuzeni kumbali. Chaona mnzako chapita, mawa kamera yomweyo idzaloza mwana wanu pa nkhani ina.

Vuto si omasulira mafilimuwo?

Mbali ina inde. Anyamata amenewa ali ndi luso, asandutsa mafilimu a chi China ndi chi India kukhala a m'mudzi mwathu, agogo osadziwa Chingerezi akutsata nkhani bwinobwino chifukwa cha iwo, ndipo ndimawalemekeza. Koma ali ndi mphamvu yomwe mwina sakuizindikira, mawu awo ndi omwe ana amaloweza, osati a wosewera. Pomwe filimu yangoonetsa munthu akumenyedwa, womasulira ndi amene amasankha kuti anene kuti koma abale mumupha munthuyu, kapena anene kuti mumalizeni. Amanena zomwe akuganiza kuti ife tiseka nazo, nde ife ogula tikamabweza memore nkunena kuti iyi ayi, amva msanga kuposa mmene angamvere bungwe lililonse.

Nanga bizinesi sinagwe mutasiya mafilimu amenewo?

Sabata zoyamba anyamata ena ananyanyala, ankati sho ya abusa, ena kumandinena zina zomwe sindingalembe pano, nkumapita kwa mnzanga wa kumtunda. Koma chomwe chimadzaza holo ndi mpira, Loweruka Premier League ikamasewera kapena Bullets ikakumana ndi Wanderers malo amasowa ngati kale. Mafilimu ndikuonetsabe tsiku lililonse, a nkhondo omwe, a karate omwe, kungoti pano iliyonse ndimayamba ndaionera ndekha usiku pa foni, ndi mahedifoni, ndikumvetsera zomwe womasulira akunena, ndipo zimanditengera nthawi chifukwa ma series ena ndi ma episode 40.

Mnyamata wa mandasi uja anatha miyezi ingapo osaponda pakhomo panga, tikakumana pa msika amayang'ana kumbali. Anadzabweranso tsiku la fainolo ina, analipira pakhomo ngati wina aliyense nkukhala pa malo ake omwe aja cha kumbuyo, beseni lili pamiyendo. Pa hafu taimu ndinagula mandasi anayi, anandikulungira mu pepala la kope nkundibwezera chenji, sitinakambe chilichonse za filimu ija.